Ndiwo Zouluka za ku Norfolk

Ine mbalame ndinakula ndikuidziwa m'njira zitatu: pa legeni, pa ulimbo ndi m'mbale. Choncho madala ena achizungu oyandikana nawo nyumba kuno ku King's Lynn atandiuza kuti Loweruka tipite ku Snettisham tikaone mbalame, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ndinkayesa mawu oti "kuona" ndi ulemu chabe, ngati mmene timanenera kuti tikukaona kudimba pomwe tikukathyola mondokwa. Mayi a kunyumba ndinawauziratu kuti asavutike ndi zogula ndiwo.

Tinanyamuka 5 koloko m'bandakucha, mwezi wa Okutobala. Kwathu umenewu ndi mwezi wogona pakhonde chifukwa cha kutentha, koma kuno masamba amakhala akuyoyoka, ndipo mphepo ya kunyanja imalowa pa khosi n'kukatulukira ku chidendene. Titasiya galimoto tinayendanso wapansi makilomita oposa awiri. Ine m'thumba munali kapepala ka mchere. Madala aja ananyamula tiyi, kabuku ndi magalasi oonera patali. Ndinati mumtima, akuluwa aiwala zida.

Malowa amawasamalira ndi a bungwe la RSPB, lomwe linayamba mu 1889. Tangoganizani, zaka zonsezo anthu akusonkha ndalama kuti mbalame zigone bwino. Malowa ali m'mphepete mwa The Wash, pomwe nyanja ikaphwa imasiya matope osaoneka malire ake, ndipo m'matopemo mbalame zimatola tinkhono ndi nyongolotsi. Tsiku lomwe madzi akwera kwambiri matope onse amamira, mbalame n'kusowa poponda. Anthu amachita kuwerengera tsikulo pa kalendala ngati tsiku la malipiro.

Tinapeza chikhamu cha anthu chili chete ngati pamaliro a mfumu. Madala anandibwereka magalasi. Ndinayang'anamo n'kulengeza molimba mtima kuti mbalame za ku Ulaya n'zochepa ngati nthata. Mayi wina anandiyandikira mwaulemu, n'kunditembenuzira magalasiwo. Ndinkayang'anira kumbuyo.

Kenaka madzi anafika. Abale anga, zimene ndinaona sindidzaiwala. Timbalame totchedwa knot, tochepera kwa njiwa, tinadzuka zikwizikwi nthawi imodzi, kuda bii ngati utsi wa lupsa, kutembenuka kamodzi n'kuyera mbee, kutembenukanso n'kuda. Timeneti timachokera ku Greenland ndi kumpoto kwenikweni kwa Canada. Pamwamba pake panadutsa mizere ya atsekwe a miyendo yofiirira ochokera ku Iceland, akusokosera ngati amayi a ku chinkhoswe, ulendo wa kuminda kukadya zotsala za mbewu yomwe kuno amapangira shuga. Azungu misozi ili lengelenge. Inenso misozi inalengeza, koma chifukwa china: ndinali nditawerengetsera kuti mwala umodzi woponya chotsinzina ukanadyetsa mudzi wonse.

Ndinanong'oneza madala aja kuti, "Kodi timeneti timakoma ndi nsinjiro kapena kungootcha?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa kukoma kwa mdzukulu wawo. Anandikumbutsa kuti lamulo la 1981 limateteza mbalame zakutchire m'dziko muno. Kapepala ka mchere kaja ndinakakankhira pansi penipeni pa thumba. Akuluakulu anati mbalame ikatera pa uta silasika. Za ku Norfolk zinatera pa lamulo.

Titalowa m'kanyumba kamatabwa kobisalamo, momwe munthu amaopa n'kutsokomola komwe, foni yanga inalira ndi mphamvu zake zonse. Anali amayi kumudzi. "Iwe, mvula yayandikira, ya feteleza ija ili kuti?" Ndinayankha motsitsa kuti ndatanganidwa, ndikuona mbalame. Kunali zii kwa kanthawi. "Ukuziingitsa m'munda wa mpunga wa mzungu? Akulipira zingati?" Ndinati sakulipira, ndipo mafuta a galimoto tachita kusonkherana. Ndinawamva akuuza mlongo wanga kuti ayitane anthu a mapemphero.

Pobwerera madala anandithira tiyi n'kuyamba phunziro. Anati anamzeze omwe amamanga zisa m'makola a kuno anali atanyamuka kale, kudutsa chipululu cha Sahara mpaka ku South Africa, ulendo wa makilomita oposa 9,000. Zinadziwika mu 1912, namzeze wina yemwe anamuveka kamphete ku Staffordshire atapezeka ku Natal. Anatinso mu 2022 mbalame ina ya mlomo wautali, godwit, inauluka kuchoka ku Alaska mpaka ku Tasmania masiku 11 osatera.

Apa m'pomwe tiyi anandiwawira. Namzeze salemera ngakhale ngati mtanda umodzi wa nsima, alibe pasipoti, alibe viza, sagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, koma chaka chilichonse amapita ku Africa n'kubwerako. Ine, bambo wa ndevu zanga, chaka chino n'chachisanu ndikusunga ya tikiti, ndipo ndikangoyandikira mtengo umakwera. Namzeze akafika kumeneko palibe amamufunsa kuti watitengera chiyani. Ndithu timba sachepa ndi mazira ake. Wochepa ndine.

Ndinafika pakhomo chimanjamanja, mphuno ikuchucha. Mayi a kunyumba anali atatereka kale madzi a nsima. "Ndiwo zija zili kuti, bambo?" Ndinawaonetsa chithunzi cha pa foni, chomwe theka lake ndi chala changa. Tsikulo tinadyera mazira, ndipo mchere unali womwe uja wa m'thumba.

Ndiye inu anyamata a legeni kumudziko, anamzeze a ku Ulaya amafikanso kwathu nthawi ya dzinja. Mukamuona wina atatera pa waya wa magetsi mu Disembala muno, tsitsani dzanja. Ndi yekhayo wa ife a kunja kuno amene wakwanitsa kubwera pa Khirisimasi.