Zigoba za makatoni ku Misuku

Kwathu ku Misuku, m'boma la Chitipa, kulibe dambwe. Za Gule Wamkulu ndinkangozimva pa wailesi ndi kutchalitchi, komwe ankamutchula potichenjeza. Ndiye tsiku limene koleji yathu ya zauphunzitsi inatitengera ku Mua, m'boma la Dedza, kukaona nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, m'basi monse mlendo weniweni ndinali ine.

Aphunzitsi athu a Expressive Arts anatipatsa ntchito yomveka bwino: aliyense asankhe chinthu chimodzi, ayambe walemba zimene maso ake akuona, kumasulira kubwere pambuyo. Ine mtima unali pa kumasulirako, poti ndinkafuna anzanga adziwe kuti mwana wa kumpoto naye ali ndi mutu.

Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo malo a zaluso a KuNgoni anawakhazikitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anthu akumeneko amawatchula ndi mfunda wa Chisale. Zonsezi wotionetsa malo anatifotokozera m'chipinda choyamba, koma ine zinangondipita. Chimene chinandigwira n'chipinda chachiwiri, mmene muli zigoba mazanamazana, paliponse pamene diso lingagwe. Ndinaima pa china cha nkhope yofiira psuu. Sindinachiyang'ane nthawi yaitali. Ndinalemba kuti ameneyu ndi Satana, kufiirako ndi moto wa kugehena, ndipo atandiloza ndinawerenga mokweza, mawu osanjenjemera n'komwe.

Bambo wotionetsa malo uja sanandiseke. Anangoti, "Achimwene, ameneyu ndi Simoni." Anafotokoza kuti ndi mzungu wopsa ndi dzuwa, amene pabwalo amatuluka atavala suti ya nsanza, ndipo kudzera mwa iye Achewa ankanena zimene ankaona pa alendo obwera ndi ulamuliro osafunsa eni mudzi. Kenako anandilozera Chadzunda, nkhope yakuda yamakwinya, mano operewera, nkhalamba imene imalowa m'bwalo ikutsimphina koma ikayamba kuvina mphamvu zimabwerera. Anati chigoba chikakhala pakhoma mwangoona mbali imodzi, poti tanthauzo lake lili m'nyimbo, m'ng'oma ndi m'mapazi.

Ndikanangokhala chete pamenepo, bwenzi manyazi atathera pomwepo. Koma ndinafuna kudziwombola ndi funso lanzeru. Titafika pa Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chooneka ngati nyama ya nyanga, cholukidwa mwaluso kwambiri, ndinafunsa kuti, "Kodi mkatimu mumalowa anthu angati?"

M'chipinda monse munangoti zii. Mnzanga wa ku Dowa, amene tinkagona chipinda chimodzi ndi kudyera mbale imodzi, anatuluka osanena kanthu. Pobwerera anakhala mpando wina. Titadutsa pa Mtakataka m'pamene anatembenuka n'kundiuza motsitsa mawu: "Aise, chija si munthu. N'chilombo. Ndi chimene chinaperekeza agogo anga." Ndinasowa choyankha. Ine ndinkaona nsungwi ndi zoluka, iye ankaona maliro a agogo ake.

Nthawi yokaphunzitsa moyeserera itakwana, ananditumiza ku sukulu ina ya pulaimale kwathu konko. Nkhani ya ku Mua inali ikundidyabe, ndipo ndinaganiza kuti njira yokonzera zinthu ndi kuonetsa ana a ku Chitipa kuti zigoba zija ndi luso lalikulu, osati za ziwanda monga ine ndinkaganizira. Ndinatolera makatoni a sopo kugolosale, tinasungunula dothi lofiira, makala tinapera, tsitsi tinapanga la khonje. Ana a Sitandade 6 anaikirapo mtima. Mtsikana wina anajambula makwinya a Chadzunda mosamala kwambiri moti ndinaima pambuyo pake osafuna kuchoka.

Belu litalira sindinatolere zigobazo. Anyamata anazivala n'kutsetsereka nazo m'minda ya khofi akukuwa. Pa kanjira kena anakumana ndi gogo wina atasenza mkoko wa nthochi. Gogoyo anaponya katundu, n'kuterereka pamtsetse, bondo n'kubinya.

M'mawa mwake ndinapeza a komiti ya sukulu, akulu a mpingo ndi nthumwi ya amfumu atakhala kale mu ofesi ya a hedi. Mlandu unakambidwa m'Chisukwa, chilankhulo cha mayi anga, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira m'Chingerezi. Mkulu wina anandifunsa ngati ananditumiza kukoleji kuti ndikawatengere Nyau. Ndinayesa kunena kuti bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. A hedi anandidula modekha. Anati bungwe lomwelo mu 2018 linalemekezanso mwinoghe, gule wa Asukwa, Andali ndi Abandya, wovinidwa pakhomo pathu pomwe, nanga ine ndinaphunzitsapo ana ngakhale sitepe imodzi? Ndinali ndisanatero. Zigoba zonse anazitentha kuseri kwa zimbudzi, cha mtsikana uja chili momwemo. Gogo uja ndinamulipirira njinga yamoto yopita kuchipatala, ndipo kunyumba kwake ndinapita ndi nkhuku, amalume atanditsogolera.

Usiku womwewo ndinaimbira foni mnzanga wa ku Dowa, ndikuyembekeza kuti iye yekha amvetsa kuti ndinkateteza za kwawo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Wapalamulanso. Zija sazipangira m'kalasi, ndipo sapanga munthu wosalowa. Ukanandifunsa." Anandiuza kuti kwawo nkhani yotere ikanafika kwa amfumu.

Masabata otsalawo a hedi anandipatsa wezulo n'kundituma kwa mkulu wina woimba ng'oma kuti tikonzekeretse ana mwinoghe wa tsiku lotsekera sukulu. Guleyu alibe nyimbo. Amayendera ng'oma zitatu, wezulo ndi mawu a wotsogolera, anyamata mzere wawo, atsikana wawo, moyang'anizana. Ndinamuvinapo ndili mwana, koma ana atandifunsa chifukwa chake saimbira, ndinawauza kuti tikafunse limodzi kwa agogo oimba ng'oma aja. Makolo awiri sanalolebe ana awo kubwera ku phunziro langa mpaka teremu inatha.