Alendo a M'chilimwe pa Mdadada Wathu

Okutobala akafika mu Lilongwe, ulemu wa m'tauni umayamba kusungunuka. Bambo amene chaka chonse satuluka pageti opanda tayi mumawapeza pansi pa mtengo wa mango, mimba ili pamtunda, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Malata akuthetheka, mpope ukungotsokomola mpweya, nyenje zikulira osapuma. Mukawapatsa moni amati, "Tadzuka aneba, koma dzuwali," ngati kuti inuyo mumakhala ku Dedza.

Ndi nyengo yomweyi pamene alendo osalipira lendi amachuluka. Gulo amakhala pampanda tsiku lonse akugwedeza mutu; pa mdadada wonse ndi yekhayo amene amavomereza zonse zimene alandilodi akunena. Khwangwala, ndi kolala yake yoyera ngati m'busa, amayendera khomo lililonse, ndipo akachoka usipa umene munayanika umakhala utachepa. Amenewa tinawazolowera.

Nkhani imakula mwana akakuwa kuti, "Njokaaa!" Amuna onse amatulukira, wina ndi njerwa, wina ndi chikwanje, wina ndi mopu, kenako onse amaima patali ndithu n'kuyamba kugawana ntchito. "Achimwene, inu lowerani uko, ine ndiitsekera njira kuno." Kunoko ndi pakhonde, pamwamba pa mpando. Akatswiri amabadwa pomwepo: thirani parafini, ayi wotchani tayala, ayi musaitchule dzina imamva. Amene amathetsa mlandu ndi mayi wogulitsa mandasi, mwana ali kumbuyo, ndi mpini wa khasu, kenako amabwerera kukatembenuza mandasi asanapserere. Njokayo inali yotalika mkono umodzi. Pofika madzulo imakhala mamba, ndipo Lamulungu potuluka m'tchalitchi imakhala nsato, yophedwa ndi bambo a pampando aja.

Palibe amafunsa kuti njokayo imadya chiyani kuseri kwa bafa. Makoswe okha ndi amene amadziwa, ndipo amaswana mosangalala mpaka kadzidzi amamva mbiri yawo n'kubwera kudzatera padenga. Ndiye muwaone akulu a mpingo a nyumba yakumapeto. Masana amatiuza kuti, "Ife zamalodza sitikhulupirira, imeneyo ndi mbalame basi." Koma 2 koloko usiku amaoneka panja atavala chitenje cha amayi, akuponya chikuni cha moto padenga, uku akudzudzula mwamphamvu. M'mawa amati amaona ngati malata akudontha. Mu Okutobala.

Afisi nawo alipo, ndipo izi si nthabwala: mu Lilongwe muno amakhala m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje ngati Lingadzi, ndipo usiku amatuluka kukafufuza kudzala. Koma kwathu fisi sangangokhala fisi wanjala. Ayenera kukhala wotumidwa, ndipo aliyense amadziwa amene wamutuma, kungoti dzina limasintha malinga ndi amene muli naye ngongole. Ubwino wake ndi umodzi. Sabata imene mphekesera ya fisi yamveka, abambo onse amafika pakhomo 7 koloko isanakwane, bawo ndi kumowa komwe atazisiya, moti amayi ena amayambitsa dala nkhaniyo kumapeto kwa mwezi.

Kenako mu Novembala mvula yoyamba imagwa, fungo la dothi lili guu, ndipo madzulo ake ngumbi zimatuluka. Apa ndi pamene mumadziwa kuti tonsefe tinachokera kumudzi dzulodzuloli. Bwana wa nyumba yampanda, amene amakalipa mwana akaiwala kuzimitsa babu chifukwa mayunitsi adula, usiku umenewo amayatsa magetsi onse a panja. Pansi pa babu lililonse pali beseni la madzi. Ana a aneba akayandikira ndi timakapu tawo, pamabuka mlandu wa malire: kodi ngumbi ndi za mwini chulu kapena za mwini getsi? Alandilodi amati zonse ndi zawo, popeza chulu chili pa puloti yawo.

Bwanayo amaima chapatali manja ali m'thumba, akuyang'anira wantchito. "Ine zimenezi ndinasiya kalekale, zimandivuta m'mimba," amatero. "Ndi za anawa."

M'mawa mwake pageti pawo pali mapiko okhaokha, ndipo fungo la kukazinga likudutsa mpanda. Posakhalitsa amayi a kumeneko amagogoda: "Odi aneba, tigawireniko kamchere, anawa avuta ndi ngumbi zawozi."

Ana awo onse atatu ali kusukulu yogonera konko, abwera mu Disembala.