Bwana, apa anagwirapo ndani?

Kagalimoto kochokera ku Japan kakamafika mu Blantyre kamakhala katatha kale moyo umodzi. Kanatumikira mwini wake woyamba zaka khumi m'misewu yosalala, kenako n'kukwera sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, n'kutsetsereka ndi M1 mpaka kudzapumira ku Machinjiri. Kaya ndi Vitz, Passo, March kapena Mira, tsiku lofika ndi chikondwerero. Akumpingo amabwera kudzakapempherera, alamu amayamba kale kufunsa ngati kali ndi zochita Loweruka. Mukangoliza injini mumamveka mawu a mayi wina akulankhula Chijapani, ana n'kumamuyankha kuti zikomo. Mayiyo amakhala akudandaula kuti m'kachipangizo mulibe khadi yolipirira misewu ya kwawo, ndipo adzadandaula choncho mpaka kagalimotoko kadzaphwasulidwe.

Matenda a mawaya salowa ndi phokoso. Galasi la mbali ya dalaivala limayamba kukana kutsika, moti pa rodibuloko bwana amatsegula chitseko chonse kuti apereke moni kwa apolisi. Akaponda buleki, indiketa imayaka. Hutala imalira pokhapokha akamakhota. Zonsezi amapirira, poti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Koma mu June, chiperoni chikaphimba phiri la Soche, batire lokalamba limafooka ndi kuzizira, ndipo limasankha malo abwino ofera: pa Ginnery Corner, 7 koloko m'mawa, pakati pa mdipiti wa mu Masauko Chipembere Highway.

Boneti yotsegula ndi belu loitanira msonkhano. Woyamba kufika ndi wogulitsa mayunitsi. "Biggie, limenelo ndi batire." Kondakitala wa minibasi ya ku Bangwe amaponyako lake minibasi ikuyenda: "Sitata imeneyo, madala, igogodeni!" Ndipo musamuseke, nthawi zina sitata yotha mabulashi imadzukadi ikagogodedwa ndi sipanala. Bambo wa jekete, amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire, amayang'ana injini modekha n'kufunsa ngati mwini galimoto anapitako kumudzi posachedwa, ndiponso ngati anasiyana bwino ndi abale. Kenako pamabwera anyamata amphamvu. Amakankha mpaka thukuta kamukamu, n'kufika pafupi ndi Queens, m'pamene mmodzi amasuzumira m'kati n'kufuula kuti, "Aaa, ndi ya otomatiki iyi!" Ya otomatiki silira ndi kukankha, koma ya madzi akumwa amalandirabe.

Ulendo wotsatira ndi wa ku Ndirande, pansi pa mtengo wa mango, kwa amakaniko a zamagetsi. Chida chawo chachikulu ndi babu la mawaya awiri. Amakaniko amayamba ndi kukhala chete, kenako kupukusa mutu, kenako funso limene limamveka m'magalaja onse kuyambira ku Chirimba mpaka ku Chigumula:

"Bwana, apa anagwirapo ndani?"

Funso limeneli silifuna yankho. Ntchito yake n'kukudziwitsani kuti amene anagwirapo anali mbuli, ndipo kukonza umbuli wa munthu wina kuli ndi mtengo wakewake. Nthawi zina wogwirapoyo amakhala yemweyo, mwezi wa March, koma si ulemu kumukumbutsa.

M'kabokosi ka mafyuzi ndi mmene muli mbiri ya galimoto. Anzathu opanga anakonza zoti fyuzi yofiira ikhale ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, ndipo kuti magetsi akachuluka ipse fyuziyo mawaya apulumuke. Kwathu kuno fyuzi yopsa timaiona ngati yamwano. Timailowetsa m'malo ndi yaikulu, yaikuluyo ikapsanso timakulunga kawaya ka kopa kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Kenako timadabwa tsiku limene utsi ukutuluka pansi pa chiwongolero tili pa raundabauti ya Chichiri, apongozi ali kumbuyo ndi nkhuku yawo.

Mtengo sutchulidwa msanga. Amakaniko amayang'ana kaye nsapato zanu, foni yanu, ndi mimba. Odziwa tauni amavula taye akadali pa Chinseu n'kuibisa pansi pa mpando. Chigamulo chikatuluka chimakhala cha alitaneta, ndipo alitaneta ili ku Limbe. Kumeneko wogulitsa amakuyalirani zitatu: orijino, ya ku Dubai, ndi ina imene amaitcha yongoyendera. Zonse zakwera, chifukwa dola yakwera. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mawu amenewa amatseka pakamwa pa aliyense, ngakhale chitsulocho chikuoneka kuti chakhala pa shelefu kuyambira nthawi ya a Bingu. Ndipo musanatulutse ndalama amakuchenjezani kuti za magetsi sabweza. Mukatuma kamnyamata ka pagalaja m'malo mopita nokha, kamabwera dzuwa litapendeka, milomo ili noninoni ndi mafuta a tchipisi, chenji itathera thiransipoti.

Alitaneta yatsopano imagwira ntchito masiku atatu. Lachinayi kagalimoto kamangoti thi, thi, thi, basi.

Apa m'pamene amatulukira wa kompyuta, mnyamata wa malaya oyera amene sagwira girizi. Amalumikiza kachipangizo kake pansi pa chiwongolero, n'kulipiritsa polumikizapo pokha, kenako n'kunena mawu amodzi: sensa. Sensa iti? Imeneyo ndi nkhani ya malipiro ena. Pofika pano mapepala a K5,000 amene anasungidwira lendi apita, a fizi ya ana ayamba kulondola.

Kunyumba mayi amafunsa mofatsa, kufatsa koopsa kuja. "Bambo a ana, kodi galimotoyi tinagula kuti izitinyamula, kapena kuti tiziinyamula ife?" Bambo amayankha kuti ili ku sevisi. M'mawa amakwera minibasi makiyi ali m'manja, akuwagwedeza kuti okhala nawo pampando adziwe kuti izi n'zongodutsa. Amatsikira patali ndi ofesi. Madzulo, mdima ukagwa, amakwera kabaza atakoka chipewa mpaka m'maso.

Vuto lenileni amalipeza ndani? Kamnyamata ka tchipisi kaja. Tsiku lina, abwana ake atapita kukadya, kamaona kuti waya wa efi, uja wochoka ku batire kupita ku chitsulo cha galimoto, wakhwepa ndi maenje a m'misewu yathu, ndipo pamitu ya batire pamera ufa woyera. Kamapala ndi sandipepa, kumanga ndi sipanala ya 10, injini n'kulira kamodzi n'kamodzi. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.6 injini ili chete, ndi pafupifupi 14 ikamalira, ndipo kuyeza zimenezi kukanatenga mphindi ziwiri tsiku loyamba lija. Abwana ake pobwera amakakalipira chifukwa chogwira galimoto ya kasitomala osauzidwa, kenako amatembenuka n'kumwetulira: "Bwana, tavutika nayo, koma taipeza." Ndipo amalipiritsa.

Mwini galimoto naye sangavomere pagulu kuti malipiro a mwezi wathunthu anathera kawaya kokhwepa. Kumalo omwera ku Chilomoni amauza anzake kuti linali vuto la kompyuta bokosi, matenda a magalimoto a anthu olemekezeka. Mwezi usanathe, pagalasi la kumbuyo pamaoneka chipepala: ikugulitsidwa, ilibe vuto lililonse, mwini wake ndi mayi wopemphera.

Inu amene mwasirira chipepalacho, musapite kukaiona masana itatentha kale. Pitani m'mamawa kuli chiperoni, mwini wake ailize yekha inu mukuona, ndipo musanayambe kunenerera mtengo tsegulani buti muone ngati muli zingwe zojampira.