Fodya wa pakompyuta ndi wa mphepo

Makolo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Anthuwa transistor sanaionepo, koma mwambi wawowu uyenera kumatidwa pa laputopu ya wophunzira zamagetsi aliyense wochita lendi ku Highridge kuno ku Kabwe.

Mnyamata atsegula LTspice, pulogalamu yaulere, mdzukulu wa SPICE yomwe inabadwira ku Berkeley mu 1973. Ajambula circuit ya kawailesi kake ka FM, adina batani, mzere pa sikirini nkuyamba kuvina mwadongosolo pa 100 MHz. Pomwepo alengeza pa WhatsApp kuti zatheka. Achimwene, dikirani, fodyayo akadali pachala.

Kompyuta ndi yaulemu mopitirira. Ukaiuza kuti resistor ndi ya 1,000 ohms, imangovomera. Ya kusitolo ija, ya kamzere kagolide, ili ndi ufulu wophonya ndi 5 peresenti, ndipo ufuluwo siusunga m'thumba. Waya wa pasikirini amangolumikiza apa ndi apo, alibe khalidwe. Waya weniweni pa 100 MHz amadzisandutsa coil, pafupifupi nanohenry imodzi pa milimita iliyonse, pamene timizere ta breadboard timasanduka ma capacitor omwe palibe anawagula. Ndiye amplifier iyamba kuimba nyimbo yakeyake, oscillator yomwe inalembedwa ntchito yoimba ili duu. Ukayandikitsa dzanja, frequency isamuka. Ukalichotsa, ibwerera. Apa nkuti azakhali oonerera atayamba kale kutchula mayina a anthu okhwima.

Chopweteka nchakuti pa ntchito ya wailesi mphepoyo ndiye kasitomala. Timafuna itenge fodya yense. Koma nayo ndi yosankha: funde la 100 MHz ndi lotalika mamita 3, choncho eriyo ya kota ikhale pafupifupi masentimita 75. Ukaidula mwa m'maso, mphamvu ina imakana kutuluka, imabwerera kukatenthetsa transistor. Kautsi kotuluka pamenepo ndiye fodya woyamba kufika pamphuno, ndipo LTspice sinunkha. Mphepo ikachita khama nkufikitsa mawu ako kutali, kumbukira kuti malo onse kuyambira 87.5 mpaka 108 MHz ali ndi kapitawo wake, bungwe la ZICTA.

Simulation sindikuinyoza ayi. Transistor ya pasikirini imapsa ulere, ndipo magetsi akathima laputopu imalimbabe ndi batire pamene soldering iron yazizira. Kungoti iuzeni zoona. Ikanimo ma inductance ndi ma capacitance obisalawo, yendetsani Monte Carlo kuti ma resistor aphonye monga amachitira kunja kuno. Pomanga, fupikitsani miyendo ya zipangizo, mangani pa bolodi la kopa, ndipo muyambe kuyesera pa dummy load ya 50 ohms eriyo isanalumikizidwe.

Mukatha kuwotcherera, sambani m'manja musanagwire nsima. Solder wakale uja ali ndi mtovu, ndipo kuno ku Kabwe, ngakhale mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, mtovu tili nawo wokwanira m'dothi.