Ine ndi Aisraeli tikadagwirizana

Ku Mzimba kuno aliyense ali ndi mphatso yake. Ena amavina ingoma mpaka nthaka kunjenjemera, ena amaweta ng'ombe, ena amadziwa njira zonse zokafikira ku Joni. Yanga ndi kung'ung'udza, ndipo palibe anandiphunzitsa. Mvula ikachedwa ndimati kumwamba atiiwala. Ikagwa ndimati yafulumiriranji feteleza ndisanagule. Mu Juni ndimadandaula kuzizira, mu Okutobala kutentha, ndipo miyezi yabwino ya pakatipo ndimadandaula kuti siichedwa kutha.

Chovuta n'chakuti ndine wa CCAP, sinodi ya Livingstonia, wobatizidwira ku Embangweni pa misheni ya Loudon imene Donald Fraser anatsegula mu 1902. Tsono mkulu wa mpingo wa m'dera lathu, amene makutu ake amamva ngakhale zimene munthu walankhula ali kubafa, anafika pakhomo Loweruka lina n'kufunsa kuti, "Adada, buku la Numeri munaliwerengapo?" Ndinati ndimalidumpha chifukwa limayamba ndi kalembera, ndipo wa mu 2018 uja anandikwana. Iwo anati ndiyambire pa mutu 11.

M'menemo ndinapezamo abale anga enieni, Aisraeli. Anthu awa ankalandira mana m'mawa uliwonse kwaulere, popanda makuponi, popanda kugona pamzere, koma anakhala pamakomo a mahema awo n'kumalirira nsomba, nkhaka, mavwende, adyo ndi anyezi za ku Iguputo. Anyezi, abale! Mose akadawadutsitsa pa Jenda, pamene amayi amakuunjikira anyezi ndi tomato pawindo la basi usanafunse n'komwe, mutu umenewu ukadakhala waufupi. Mulungu anawapatsa zinziri zosayamba, ndipo nyama ikadali m'kamwa mliri unawagwera. Pa mitu 13 ndi 14, mwa azondi 12 amene anakaona dziko la Kanani, 10 anabwera ndi nkhani zoopsa. Usiku umodzi wokha msasa wonse unali utatengera, mpaka kuyamba kukambirana zosankha mtsogoleri wina wowabwezera kwa Farao. Malipiro ake anali zaka 40 m'chipululu, ndipo mwa amuna onse owerengedwa a zaka 20 kupita m'tsogolo, Yoswa ndi Kalebe okha ndi amene anakalowa. Koma amene anandigometsa ndi a pa mutu 16. Dzulo lake nthaka yameza anthu iwo akuona, m'mawa mwake akung'ung'udzanso, n'kufa ena 14,700. Kumeneko ndiye kudzipereka pa ntchito. Nditafika pa njoka zamoto za mutu 21, n'kumvanso kuti Paulo anauza Akorinto kuti zonsezi zinalembedwa potichenjeza ifeyo, ndinayamba kuunika kunsi kwa bedi ndisanagone.

Mkulu uja atabweranso ndinayesa kuwaikira kumbuyo Aisraeli. Ndinati ngakhale inuyo, madala, mutadya chinthu chimodzi zaka 40 popanda ndiwo, simungalankhuleko? Iwo anati vuto silinali la ndiwo. Kung'ung'udza kumayamba ndi kusokoneza mutu: munthu amakumbukira anyezi n'kuiwala chikwapu cha kapitawo ndi njerwa zoumba popanda kupatsidwa udzu. Apa sindinatsutse, chifukwa ndili ndi mlamu ku Johannesburg. Makolo athu anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 tsiku limene dzuwa linada masana, nayenda zaka zambirimbiri asanakhazikike kufupi ndi phiri la Hora, ife zidzukulu n'kumabwerera pa basi kum'mwera komwe iwo anachokera. Mlamu wangayo akakhala uko amaimba foni kulirira nkhuku ya lokolo ndi nsima ya mgaiwa, n'kumatukwana kuzizira ndi apolisi. Akabwera pa Khirisimasi, Chaka Chatsopano chisanafike wayamba kale kunyoza fumbi lathu n'kulirira buledi wa ku Joni. Munthuyu amasangalala ali pa basi pokha, ndiponso akakhala kuti wagona.

Kenaka mkuluyo anafika pa fupa lenileni. Anati wong'ung'udza amaoneka ngati akunena mvula kapena Mose, koma pansi pamtima akuimba mlandu Mwini wake kuti ndi wouma manja, ndiponso kuti anatitulutsa n'cholinga chodzationongera panjira. Mose yemwe anawauza anthu aja, mu Eksodo 16, kuti mawu awo sankagwera iye ndi Aroni koma Yehova. Munthu akazolowera zimenezi pemphero limayamba kumulemera, pakuti ndani amapempha kwa amene wamuweruza kale kuti ndi woipa mtima? Ndinafuna kuyankha, koma ndinapeza kuti tiyi anali atazizira, ndiye ndinadandaula za tiyiyo.

Komabe ine si munthu wogonja msanga. Ndinati ndiye tizingoti zikomo basi? Mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera unaikidwa kuno mu 2015, ndipo ukanakhala mwana bwenzi pano ukuwerenga nyuzipepala. Msewu wa Jenda kupita ku Edingeni walonjezedwa pa misonkhano yambiri kuposa ukwati wa mbeta. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kodi ndikatchula zimenezi njoka zibwera? Ndinafunsa dala, chifukwa ndaonapo akuluakulu ena amene amalikonda vesi loletsa kudandaula pa nthawi yokhayo imene afunsidwa za ndalama za chitukuko.

Madala aja anaseka. Anati maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodandaula za mavuto a m'dziko pa 8 Marichi 1992 sankang'ung'udza ayi: analemba, kusainira maina awo, n'kuiwerengetsa m'matchalitchi masanasana. Anati m'buku la Numeri lomwelo, pa mutu 27, ana aakazi 5 a Zelofehadi anapita okha pamaso pa Mose kukadandaula za cholowa cha bambo awo, ndipo Mulungu anati atsikanawo akunena zoona, lamulo n'kusinthidwa. Yobu analira, Habakuku anafunsa mafunso owawa, Masalimo ambiri ndi madandaulo okhaokha, koma palibe njoka inawaluma. Onsewo anafika pakhomo n'kuodira. Aisraeli a m'chipululu ankalankhulira kuseri kwa nkhokwe.

Apa ndinaona mpata. Ngati kudandaula kwa Mwini wake n'kololedwa, ine katundu ndili naye wambiri. Kuyambira tsiku lomwelo pemphero la chakudya chamadzulo ndinalitenga ndine. Ndimayamba ndi mtengo wa feteleza, n'kupita ku ntchemberezandonda za m'chimanga, kenaka bondo langa lakumanzere, mbuzi za aneba, ndi mlamu amene anasiya kutumiza kangachepe. Chilichonse ndimachitula mwaulemu, maso ali chitsinzire, monga anachitira Habakuku.

Tsiku lina ndili pakati pa nkhani ya mbuzi, mayi a ana anatsokomola n'kunena kuti, "Adada, Mulungu sagona. Zotsalazo mukamuuze ife titadya, nsima ikuuma." Panopa udindo wopempherera chakudya anaupereka kwa mwana wathu wotsiriza, wa Sitandade 3. Iye sachedwa. Amathokoza chifukwa cha nsima ndi ndiwo, n'kupempherera odwala, a m'ndende ndi adada.