Foni ya kumwamba, mwini wake pamvula

Kumudzi kwathu, kuseri kwa mapiri a Viphya, netiweki imapezeka malo amodzi: pachulu cha kuseri kwa khola la amalume. Ukafuna kuimba foni ukwere pamenepo, uyang'ane kunyanja, phazi lina pamwala, ndipo usayetsemule. Kukagwa maliro pamakhala mzere ngati wa kuchigayo. Ali pamwambayo amakuwa kuti "Mukundimva?" koma omumva bwino ndi omwe akudikira pansi. Za ngongole, za mimba, za mkamwini wosatumiza ndalama ku Joni, mudzi wonse umazimvera pamenepo.

Ine ndakhala ku Chibavi, mu Mzuzu muno, zaka zambiri, ndili ndi majekete awiri, ndipo kumudzi amanditchula kuti a kutauni. Munthu wotere kumakwera chulu ngati mbuzi n'chipongwe. Ndiye mnyamata wina atandikodola m'tauni muno n'kutulutsa m'chikwama chinthu chakuda, cholemera ngati njerwa, cha nyanga yonenepa kuposa chala chachikulu, mtima wanga unagula iye asanatsegule pakamwa.

"Adada, iyi siidalira nsanja," anatero monong'ona. "Ndi ya satelayiti. Ku Nyika ikugwira, ku Usisya ikugwira, pakati panyanja ikugwira. Anaisiya azungu."

Sindinafunse kuti anaisiyiranji.

Ndiulule kuti aka sikanali koyamba. Chaka chatha ndinagula laputopu ya kaunjika, pamwamba pake pali kachipepala konyezimira kolembedwa Core i7. Ndinkati ndikaiyatsa n'kupita kukasamba, kumwa tiyi, kupesa, pobwera ndiipeze ikudziwongolabe. Fani yake inkalira ngati chigayo cha dizilo. Batire linafa kalekale, moti magetsi akangophethira nayo inkakomoka pomwepo, kalata yanga yofunsira ntchito n'kupita nayo. Alamu anga, omwe anaphunzira za makompyuta ku Mzuni, anaiyang'ana m'mimba n'kuseka mpaka misozi. Kachipepala kaja wina anangomata ndi guluu; mkatimo munali Celeron yokalamba ndi RAM ya 2 GB.

"Koma alamu," ndinakakamira, "wogulitsayo anati hard disk yake ndi yaikulu."

Iwo anati hard disk ndi nkhokwe, RAM ndi lichero, purosesa ndiye wopeta. Nkhokwe ikule bwanji, chopetedwa nthawi imodzi ndi chokwana m'licheromo basi, ndipo wopetayo akakhala agogo a nyamakazi, nsima ya lero muiiwale. Windows 11 imafuna lichero la 4 GB kuti ingovomera kulowa pakhomo. Kenako anandimaliza: kompyuta ya m'chombo cha Apollo 11, chomwe chinakatula anthu pamwezi mu 1969, inali ndi RAM ya pafupifupi 4 KB. Yanga inkaiposa ka 500,000, koma inkalephera kundifikitsa pa "Okondedwa Bwana".

Wina akanaphunzirapo. Ine ndinatenga ndalama ya feteleza yomwe mayi a kunyumba anakongola ku banki m'khonde, n'kugulira foni ya kumwamba.

Madzulo ake ndinaitana ana pabalaza, ndinakhosomola, n'kudzutsa nyanga ija. Zii. Kuchipinda, zii. Pawindo, zii. Ndinaimbira alamu pa kafoni kanga kakale ka mabatani, komwe ndinali nditakatsanzika kale mumtima.

"Tulukani panja, alamu. Imeneyo siiona kudzera m'malata. Imafuna kuyang'anizana ndi thambo, popanda denga, popanda mtengo, popanda phiri."

Amene amaudziwa Mzuzu wayamba kale kuseka. Kuno mvula siiwerenga kalendala. Usiku umenewo kunali mvumbi uja wosagwa koma wonyowetsa, chifunga chitaphimba mpaka chimbudzi. Alamu ananditsimikizira kuti mvula siisokoneza kwenikweni mafoni amenewa, ndipo sananame: imasokoneza mwini wake. Ndinaima pakati pabwalo nditavala chitenje cha mayi a kunyumba kumutu, nyanga italoza kumwamba, ndikuzungulira pang'onopang'ono ngati mpendadzuwa. Makatani a aneba anayamba kugwedezeka. Mmawa mwake pampopi panamveka kuti bambo a m'nyumba ya pakati ankalozera ndege ya ufiti potera. Masana alandilodi anabwera kudzandifunsa mwaulemu kwambiri kuti kodi ndimapemphera mpingo uti.

Koma isanafike pamenepo nkhaniyo, foni inagwiradi. Timizere tinaoneka. Ndinakuwa kuti ana adzaone. Nditadina nambala ya amalume, chinthucho chinandiuza m'Chingerezi chake kuti simu khadi inafa kale.

Loweruka alamu anabwera n'kundipatsa sukulu yomwe ndikanayenera kuilandira ndisanalipire. Ati masatelayiti a foni alipo mitundu iwiri. Ena, monga a Thuraya, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo amaoneka ngati aima malo amodzi, moti nyanga uyenera kuilozetsa komweko. Ena, monga a Iridium, alipo 66, pamtunda wa makilomita 780 okha, ndipo amathamanga: iyi ikadutsa imapatsira inzake mawu ako ngati momwe makondakitala amapatsirana pasenjala ku Luwinga. Iridium imeneyo, yomwe inayambitsidwa ndi Motorola, inatsegula kumapeto kwa 1998 itadya madola pafupifupi 5 biliyoni. Foni imodzi inkagulidwa pa madola 3,000. Pofika mu Ogasiti 1999 kampaniyo inali itagwa, chaka chisanathe, chifukwa mabwana omwe ankayembekezeka kugula anaona kuti foni wamba ndi yotchipa, imalowa m'thumba, komanso siiwatulutsa panja. Zonsezo zinadzagulitsidwa pa madola 25 miliyoni.

Nkhani imeneyi inanditonthoza kwambiri. Anthu a masuti, ophunzira mpaka kutha makalasi, anataya mabiliyoni pa chinthu chomwe ine ndinangotayirapo feteleza.

Ndinafunsa kuti mayunitsi ake ndikagule kwa mayi uti wa pansi pa ambulera. Alamu anapukusa mutu. Amagulidwa ndi madola, mphindi imodzi dola kapena kuposerapo, ndipo ukachedwa kuwagwiritsa ntchito amatha okha. Madola, m'dziko lomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023! Ndinawerengera moni wa amalume wokha, uja wofunsa mwana aliyense ndi dzina lake, kenako mbuzi, kenako mvula, kenako mwendo wa apongozi, nkhani yeniyeni isanayambe. Lendi ya mwezi ingathere pa mbuzi. Za intaneti musanene: mafoni akale a mtundu umenewu amayenda pa 2.4 kbps, moti chithunzi cha khanda pa WhatsApp chingafike mwanayo atayamba kukwawa.

"Si yachabe ayi," anatero alamu. "Ya anthu a m'sitima zapanyanja, ya oyenda m'chipululu, ya opulumutsa anzawo. Pa tsoka ngati la namondwe Freddy mu Malichi 2023, misewu ndi magetsi zitaduka kum'mwera, foni yotere ingapulumutse moyo. Nanga inu mumafuna kupulumutsa chiyani?"

Sindinati jekete.

Ponditonthoza anatchulako Starlink, yomwe inalowa m'dziko muno mu 2023: kambale koika padenga, kodya magetsi ndi ndalama ya mwezi uliwonse. Nditangoti "Kodi imeneyo ndi zingati?" mthiko unagwa kukhitchini. "Bambo a mwana, yambani mwafunsa mtengo wa feteleza."

Laputopu ija pano imavundikira ndowa ya ufa, ndipo makoswe ailephera. Foniyo ndinapita nayo kumaliro kumudzi mwezi watha, itapachikidwa palamba. Anthu anaigwiragwira, mfumu inaiyeza kulemera kwake m'manja, amalume anapempha kuti aimbire mwana wawo ku Joni. Ndinati satelayiti yadutsa kumene, tidikire ya mawa. Kutayamba kuda ndinazemba n'kukaima pamzere wa pachulu, kumbuyo kwa mnyamata woweta ng'ombe. Nditakwera, phazi lina pamwala, kafoni ka mabatani kanalira. Anali mayi a kunyumba, ali pamsonkhano wa banki m'khonde.

"Ndibweza, mayi a mwana! Ndati ndibweza! Mukundimva?"

"Tikukumvani!" anayankha anthu a pansi pachulu.