Mimba ya Galu wa Kumayadi

Mwa ziweto zonse zimene anthu opeza bwino a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre amasunga m'mipanda yawo, palibe chimene chimaulula khalidwe la pakhomo mosabisa kuposa agalu a mitundu ya Labrador retriever ndi Golden retriever, pakuti thupi la galu wotere limasunga mbiri ya chakudya chilichonse chimene chinaphikidwa m'nyumbamo. Liwu lakuti retriever limatanthauza wokatenga chinthu n'kubwera nacho, ndipo agaluwa anapatsidwa dzinali chifukwa ntchito yawo inali yosambira m'madzi ozizira kukatola abakha amene alenje a ku Britain awombera. Makolo a Labrador anali agalu a asodzi a pachilumba cha Newfoundland, ndipo bungwe la Kennel Club linavomereza mtunduwu mu 1903, pomwe Golden anayambira ku Scotland mu 1868, pamalo otchedwa Guisachan, a Dudley Marjoribanks. Mdzukulu wa antchito olimbikirawa lero amagona pakhonde la matailosi ku Area 10 kapena ku Namiwawa, ndipo mpira ukaponyedwa pakapinga iye amangouperekeza ndi maso mpaka mnyamata wosamala maluwa atakautola, chomwe chikusonyeza kuti ntchito ya mtunduwu sinathe koma inangogwera munthu wina.

Pofuna kuweruza mwachilungamo, m'pofunika kunena kuti galuyo ali ndi pothawira. Mu 2016 Eleanor Raffan ndi anzake a pa yunivesite ya Cambridge anapeza kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi alionse amabadwa ndi chilema pa jini yotchedwa POMC. Jini ndi kachidutswa ka chibadwa kamene mwana amatengera kwa makolo, ndipo sikayenera kusokonezedwa ndi majini a kwa sing'anga, ngakhale kuti woona galuyo akumeza chakudya angakhululukidwe ataganiza zotero. Jini imeneyi imathandiza ubongo kuzindikira kuti thupi lakhuta, choncho galu wachilemachi amamva njala msanga, ndipo kafukufuku wa gulu lomwelo wa mu 2024 anasonyeza kuti akamapuma thupi lake limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi anzake. Mwa anthu onse a pakhomo, palibe ndi mmodzi yemwe amene sayansi yamupezera chifukwa chabwino chotero.

Kadyetsedwe ka galu wa kumayadi ndi kovuta kukafufuza chifukwa aliyense amakhulupirira kuti ndi iye yekha amene amamukomera mtima. Chakudya chovomerezeka, chogulidwa m'thumba lalikulu kusitolo, chimayenera kuyezedwa ndi kapu, koma mayi wophika anaisintha kalekale ndi kachitini kakale ka majarini, ndipo amakadzaza mpaka kupanga phiri monga wogulitsa ufa pamsika, kenako n'kuwonjezera basela. Bwana, amene dokotala wake anamuletsa zamafuta chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amamvera lamulolo mokhulupirika posenda khungu la nkhuku n'kulitsitsa pansi pa tebulo, kumene kamwa lotseguka limakhala likudikira. Madamu amamupatsa bisiketi akakhala pansi, ndi bisiketi ina akaimirira. Ana amatayira komweko masamba ndi nsima zimene sakuzifuna, wophika uja amabweranso ndi mkute wothira msuzi pakuti chakudya sichitayidwa, ndipo usiku mlonda amagawana naye chigumu ndi tiyi monga mnzake wa pantchito, ngakhale kuti galu wa mtunduwu akaona wakuba amamulonjera ndi mchira. Aliyense mwa anthuwa akafunsidwa amayankha moona mtima kuti amangomulawitsa pang'ono chabe, ndipo zapang'ono zisanu ndi chimodzi zikaphatikizidwa zimabala galu wa makilogalamu 45 pamene Labrador wamphongo amayenera kulemera pakati pa 29 ndi 36.

Chilankhulo nachonso chili kumbali ya mafuta. M'dziko limene liwu lakuti "mwanenepatu" limanenedwa monga malonje kwa munthu wochokera kutali, nthiti zooneka zimatengedwa ngati nkhani ya kumudzi, ya galu wosaka mbewa ndi kudikira pamtondo. Mlendo akalowa pageti n'kunena kuti, "Koma bwana, galuyu ndiye akudya bwino," mwini nyumba amamva kuti malipiro ake atamandidwa.

Mkangano umabuka tsiku limene galuyo wanyamulidwa ndi anthu awiri kuikidwa m'galimoto kupita kwa dokotala wa ziweto. Madokotalawa ali ndi muyeso wa kaonekedwe ka thupi woyambira pa 1 kulekezera pa 9, umene 4 ndi 5 amasonyeza galu wabwinobwino, ndipo njira yake ndi yosavuta: nthiti zizimveka ndi zala popanda kukanikiza, ndipo galu akayang'anidwa kuchokera pamwamba azioneka kuti ali ndi chiuno. Dokotala akalowetsa zala mpaka kubisika osapeza nthiti, bwana amafotokoza kuti, "Ndi ubweya chabe umenewo, adokotala, mtundu wake ndi wotero." Apa dokotala amafunika luso limene saphunzira kusukulu, lolankhula za chiuno chosowa kwinaku maso ake ali pa galu yekha. Amatchula za nyamakazi, matenda otupitsa mfundo za mafupa, imene imavuta kwambiri agalu a mitunduyi m'chiuno ndi m'zigongono, ndiponso za kafukufuku wa kampani ya Purina wofalitsidwa mu 2002, momwe agalu 48 a Labrador anagawidwa awiriawiri, wina n'kumapatsidwa chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa anayi kwa moyo wake wonse. Pa avareji, odya mochepa anafika zaka 13, pomwe anzawo analekezera pa zaka 11 ndi miyezi yochepa. Bwana amagwedeza mutu movomereza, n'kufunsa ngati palibe jekeseni.

Kuyenda, komwe ndi theka lina la mankhwala, kumaperekedwa m'manja mwa mnyamata wa maluwa, popeza bwana amakhala atapita pagalimoto kukayenda pamakina kumalo olimbitsira thupi. Mnyamatayo amatuluka ndi galu pachingwe nthawi ya 4 koloko, amakhota pakona yoyamba, ndipo pansi pa mtengo wa mango amapeza anzake a m'mipanda ina atayala bawo, agalu awo atagona mozungulira. Ola likakwana onse amabwerera, galu akupuma wefuwefu chifukwa cha mtunda wa kuchokera pakona, ndipo madamu poona lilime lili panja amamva chisoni n'kutsegula paketi ya bisiketi.

Pakhomo potere lamulo lochepetsa chakudya limalengezedwa Lachisanu madzulo, kuti liyambe kugwira ntchito Lolemba, chifukwa Loweruka kuli alendo ndi kanyenya. Limalembedwa papepala n'kumatidwa pafiriji, pamene wophika, ana ndi madamu amaliwerenga. Mlonda salowa kukhitchini, ndipo 6 koloko ikakwana amafika pageti ndi njinga yake, zigumu ziwiri zili m'jumbo.